Waya wa Masipika Aja, Achimwene

Achimwene, lero ndayatsa kompyuta yathu yakale ija kuti ndionere vidiyo ya ukwati wanga, paja munalankhula m'malo mwa malemu bambo. Mutangoyamba kulankhula, mawu anu ayamba kudukaduka, kenaka kumangomveka phokoso lokhalokha.

Ndakumbukira Loweruka lina ku Area 23, masipika omwewa atavuta chonchi. Munagwada kuseri kwa tebulo, n'kuzula waya, kuupukuta, kuubwezera. Munati, "Chemwali, vuto si kompyuta, ndi wayayu. Gwira apa, usasunthe." Ndinagwira mpaka nyimbo inatha, inu mukundiseka kuti ndapeza ntchito. Lero ndagwiragwira paliponse koma sindikupapeza pamene munandigwiritsa. Patha zaka ziwiri chitisiyireni. Ana akuti tigule masipika atsopano, ndawauza kuti adikire kaye.