Chaka Chimene Timu ya Mabanki Inatenga Alamu Anga

Besibolo ndinaiphunzira ku Harare, pa sekondale ya m'lokeshoni, kwa aphunzitsi ena a ku Japan amene anabwera ndi chikwama cha mipira ndi magolovesi otha. Ine ndinali mwana wa pa famu ya fodya. Bambo anga anachoka ku Dedza ali mnyamata ndipo sanabwererenso. Nditakhoza mayeso ananditumiza m'tauni kwa achemwali anga aakulu kuti ndikaphunzire. Pa bwalo la sukuluyo pankabwera mnyamata wina wamtali amene anali atamaliza kale maphunziro koma masewerowo anali atamulowa m'magazi. Iye ankaponya mpira, ine ndinkanyonyomala kumbuyo kwa womenya n'kumawakha. Patapita zaka anakwatira achemwali angawo, n'kukhala alamu anga.

Iwo ndi amene anatsogola kubwera ku London. Ine ndinawatsatira nthawi imene mafamu ankalandidwa, ndipo ndinkagona pa sofa m'fulati mwawo ku Croydon. Mapepala anga anali kwa a boma, amene ankangondiuza kuti ndidikire. Ndinapeza ganyu yotsuka magalimoto m'mbali mwa msewu waukulu, manja m'madzi ozizira tsiku lonse, moti poweruka zala sizinkamva kanthu. Tsiku lina tikudya, achemwali anandipatsira foni. Anali bambo. Anati awathamangitsa pa famu, ndipo awauza kuti iwo si nzika, abwerere kwawo, kwawo kumene ngakhale njira anali ataiwala. Ndinati, "Chabwino bambo, ndamva." Ndinabweza foniyo n'kupitiriza kudya. Achemwali analira mpaka maso kutupa. Ine ndinadikira kuti nanenso chindigwire, koma sichinabwere.

Alamu ndi amene anapeza timu. Inkasewera Lamlungu masana pa bwalo lina la khonsolo kunja kwa Croydon, malo a mphepo osati masewera. Tinali anthu osonkhanitsidwa ngati nkhuni: ife a ku Zimbabwe angapo, dalaivala wa basi wochokera ku Lusaka, anyamata awiri a ku Venezuela otsuka mbale m'lesitilanti, ndi azungu ochepa a m'deralo. Majezi athu sankafanana mtundu chifukwa anagulidwa zaka zosiyanasiyana. Kochi wathu anali mzungu wachikulire wokonza mipope ya madzi. Ali mnyamata anagwirapo ntchito ku America, ndipo anabwerako atakonda timu ina yosauka ya m'tauni yaing'ono. Tikamapita kukasewera kutali tinkapanikizana m'vani mwake, ndipo nkhani yake inali imodzimodzi.

"Ku America kuja," ankatero, "ligi imayamba aliyense akudziwa kale amene adzafike kumapeto. Timu yanga imatola mwana, kumuphunzitsa, kumupirira akamalakwitsa. Akangopsa, a mumzinda waukulu amabwera ndi thumba la ndalama n'kumunyamula. Wosewera wawo mmodzi amalandira malipiro oti angakwanire anyamata athu ambirimbiri. Kenako amati tiyeni tipikisane."

Tsiku lina alamu anawafunsa kuti bwanji osangoisiya timuyo.

"Ndiyambenso kukonda ina pa msinkhu uno?" anayankha choncho akochiwo. "Bola kuno. Kuno palibe amene amalipidwa."

Zinali zoona pang'ono chabe. Mu ligi yathu munali timu imene tonse tinkangoitcha ya mabanki. Ambiri mwa osewera ake anali Achimerika ogwira ntchito m'mabanki a m'kati mwa mzinda, ndipo makampani awo ankaithira ndalama. Anali ndi yunifomu yosewerera kwawo ndi ina yoyendera. Anali ndi makina oponya mipira pochita pulakatisi, ndiponso holo yofunda imene ankaichita lendi nyengo yozizira, pamene ife tinkangokhala kudikira kuti bwalo liume. Malipiro analibe, inde, koma akaona munthu wodziwa kusewera ankamupezera ntchito. Chikho chinkapita kwa iwo chaka ndi chaka. Matimu enafe tinkalimbirana kukhala achiwiri.

Chakumapeto kwa nyengo yathu yachiwiri tinakumana nawo pa bwalo lawo, ndipo alamu anaponya ngati kale ku Harare. Ine ndinkawasonyeza ndi zala mtundu wa mpira woti aponye, iwo n'kugwedeza mutu, mpira n'kubwera pomwe ndaika golovesi. Akuluakulu a mabankiwo ankangomenya mphepo n'kubwerera kukakhala pansi. Anatigonjetsa ndithu, koma movutikira, ndipo anyamata a ku Venezuela anavina ngati tapambana. Tikulongedza katundu ndinaona bambo wina wa chipewa cha timuyo ataima ndi alamu pafupi ndi magalimoto. Analankhula nthawi yaitali. Alamu ankangoyang'ana nsapato zawo.

Nkhaniyo inatuluka patapita masabata angapo, pa tebulo. Nthawi imeneyo alamu ankagwira ntchito pa nyumba yosamalira okalamba, mashifiti osinthasintha, ndipo msana unali utayamba kuwavuta chifukwa chonyamula anthu. Bambo wa chipewa uja anawalonjeza ntchito yolandira ndi kugawa katundu pa ofesi ya kampani yake, Lolemba mpaka Lachisanu, yokhala ndi penshoni. Chofunika chinali chimodzi: Lamlungu aziponyera timu ya mabanki.

"Ntchito ya masana, ya penshoni," anatero achemwali. "Mukuganizanso chiyani, bambo a mwana?"

Alamu anatembenukira kwa ine. "Nanga inu alamu, mukuti bwanji?"

"Pitani," ndinatero.

"Basi?"

"Pali chinanso?"

Kenako anati, "Za inu ndinawafunsa. Akuti owakha ali nawo kale awiri. Komanso nkhani ya mapepala ija."

"Ndamva," ndinayankha. Ndinatola mbale n'kupita nazo ku sinki.

Kukauza akochi tinapita limodzi. Tinawapeza pa nyumba ina akukonza chimbudzi, manja akuda bii. Alamu anayamba ndi kuzungulira, kuthokoza, kupepesa, koma akochi anawadula. Anapukuta dzanja pa ovololo n'kuwapatsa moni.

"Ndikanakhala ine ndikanapita dzulo," anatero. "Jezi ija mundibwezere, ndilibe ina."

M'nyengo yozizira imeneyo akochi anapita ku msonkhano wa ligi ndi ganizo lakuti timu yopambana isamaloledwe kutenga osewera ku matimu a pansi, kapena kuti ndalama za makampani zizigawidwako pang'ono, olo zogulira mipira. Atabwerako anatiuza kuti anthu anawamvetsera mwaulemu, anawapatsa tiyi ndi mabisiketi, ndipo a mabanki anayankha kuti palibe amene amakakamizidwa kupita kwa iwo. Matimu ena aang'ono anakana kuvota nawo chifukwa ankabwereka holo ija ulere. Nkhani inathera pomwepo.

Nyengo yatsopano itayamba, woponya wathu anali dalaivala wa ku Lusaka uja, chifukwa kusukulu anaseweranapo kiriketi. Anali ndi mphamvu koma mpira wake sunkadziwa kolowera. Ndinkauthamangira uku ndi uku, kuutchinga ndi chifuwa, ndi maondo. Iye ankaseka n'kumakuwa ali patali, "Sole mudala, yapita yeka iyo!" Tinkagonja Lamlungu lililonse. Ndinkafika kunyumba ndi mabala m'ntchafu, kusamba, kugona, m'mawa kukatsuka magalimoto. Alamu ankafika atatsitsidwa pa galimoto ya mnzawo, chikwama chatsopano pa phewa, yunifomu yoyera ngati ya namwino. Ankandifunsa kuti zatha bwanji, ine n'kuwauza, iwo n'kunena kuti pepani. Ine sindinkawafunsa, chifukwa yankho linkadziwika.

Tsiku loti timu yawo ibwere pa bwalo lathu linafika m'chilimwe. Ine ndi alamu tinadya limodzi chakudya cha m'mawa, tinakwera thiramu imodzi, kasitima koyenda m'misewu, tinakhala mpando umodzi, aliyense chikwama chake pakati pa miyendo. Titatsika iwo analowera ku benchi ya alendo, ine ya kwathu. Achemwali anabwera ndi mwana pambuyo pake, n'kukhala pa udzu chapakati, kuti asaoneke kuti akuchemerera mbali iti.

A mabanki ndi amene anayamba kumenya, ndipo gawo loyambalo linatenga pafupifupi ola. Dalaivala wathu ankaponya, iwo ankamenya, mpira unkapita kumpanda, anyamata athu ankauthamangira. Anthu ankangodutsa pamaso panga mmodzi mmodzi, kuponda mbale ija imene amawerengerapo zigoli n'kukagundana manja ndi anzawo. Poyamba ankakuwa. Kenako anasiya, ankangoponda mwakachetechete, ena n'kundiuza kuti ndikuyesetsa. Akochi anakhala pa ndowa ya mipira atapinda manja.

Nthawi yathu yomenya itakwana, alamu anatulutsa anzanga mosavuta, wina pambuyo pa mnzake. Ine ndinafikiridwa m'gawo lachiwiri. Lamulo lake ndi lakuti mipira itatu yabwino ikakudutsa usanaimenye, watuluka. Ndinaima ndi chibonga changa n'kuwayang'ana. Aka kanali koyamba m'moyo wanga kuwaona kuchokera pamalo amenewo, nditaimirira. Wowakha wawo, mnyamata wa ndevu zofiira, anawasonyeza zala. Alamu anapukusa mutu. Anawasonyezanso, iwo anapukusanso. Kenako anaponya.

Unali mpira wa mwana. Unabwera pang'onopang'ono, molunjika, pa msinkhu wa lamba, pomwe ankadziwa kuti ndimaukonda. Ndinaona ngakhale ulusi wake wofiira ukuzungulira. Manja anga sanasunthe. Woyimbira anakuwa kuti umodzi.

Wachiwiri unabwera chimodzimodzi. Ku benchi kwathu dalaivala anafuula, "Menya iwe, ni ya mahala iyo, ya ulere!" Sikuti ndinakwiya, kapena kuti ndinkakana chifundo chawo. Ndakhala ndikuganizira zimenezi, ndipo sindikupezamo kunyada kulikonse. Ndinkangouona mpirawo monga ndinkaonera magalimoto odutsa pa msewu wa kuntchito. Ndikanaumenya, ukanapita patali ndithu, mwina kudumpha mpanda. Ndikanathamanga kuzungulira bwalo, n'kubwerera pomwe ndinayambira, zigoli zawo zili pompo. Maganizo amenewa sanandipweteke. Anangodutsa.

Wowakha uja anadzuka kupita kwa alamu, analankhula nawo golovesi ili pakamwa, n'kubwerera akung'ung'udza. Wachitatu alamu anauponya mofewa kuposa ina ija. Unalowa m'golovesi ya mnyamatayo, phwa. Ndinatsamiritsa chibonga pa mpanda n'kuyamba kumanga zotchingira maondo.

Masewerowo sanafike kumapeto. Mu ligi yathu munali lamulo lakuti timu ina ikatsogola kwambiri, woyimbira aziimitsa masewero kuti ogonjawo asapitirire kuchita manyazi. Tinafola n'kupatsana moni. A mabanki anatisiyira bokosi la mipira imene iwo ankaiona ngati yatha, ndipo akochi anailandira n'kuthokoza.

Pa siteshoni ya thiramu, achemwali atapita patsogolo ndi mwana, alamu anandigwira mkono.

"Ndinakupatsani dala, katatu konse. Mnyamata uja akanena kwa abwana. Bwanji osamenya?"

"Ndinaiona," ndinatero.

"Ndiye?"

"Ndinangoiona basi."

Anandiyang'ana nthawi yaitali. Maso awo anali ofiira, ndipo ndinadabwa kuona kuti iwo zawakhudza chomwecho. Anandisiya mkono. M'thiramu anakhala ndi mkazi wawo, ine ndinaima pafupi ndi chitseko.

Nyengoyo isanathe, mmodzi wa anyamata a ku Venezuela anatengedwanso ndi timu yomweyo. Anamupezera ntchito ku kantini. Mnzake anasiya kubwera. Panali masiku ena a Lamlungu amene sitinkakwana, ndiye tinkapempha aliyense wodutsa ndi galu kuti aime kumpanda. Chisanu chitayamba akochi anatiitana ku bala ina, anatigulira chakumwa aliyense, n'kutiuza kuti chaka chamawa salembetsanso timu. Palibe anatsutsa. Dalaivala anafunsa ngati angasunge chipewa, iwo anati asunge. Kenako akochi anayamba kufotokoza za timu yawo ya ku America, kuti yagulitsanso woponya wake wabwino koma akuti kuli mwana wina amene akubwera bwino. Tinamvetsera mpaka matambula atatha.

Timu ya mabanki inatenganso chikho chaka chimenecho ndi chotsatira. Matimu ena awiri anatha ngati yathu, moti alamu ankadandaula kuti akungosewera ndi anthu omwewomwewo, ndipo masewero ambiri akuimitsidwa pakati. Pambuyo pake kampani ina inabweretsa mnyamata wochokera ku koleji ya ku America, woponya mwamphamvu kuposa iwo, ndipo alamu anayamba kukhala pa benchi. Ntchito ija sanawachotse. Ali nayo mpaka pano.

Ndi ntchito imeneyo anapeza nyumba ya zipinda ziwiri ku Barking. Tsiku losamuka tinabwereka vani ya akochi, amene anatipatsa makiyi osafunsa zambiri. Fuliji inakana kulowa mu lifiti, ndiye tinainyamula pa masitepe, alamu kumwamba, ine kumunsi. Chifukwa cha msana wawo tinkapuma pafupipafupi. Titafika pa nsanjika yawo anakhala pansi akupuma mwa befu, n'kundiuza kuti chipinda chaching'onocho ndi cha mwana, koma sofa ya kuno ndi yotambasula, ndizigona bwinoko. Ndinati zikomo. Kenako tinatsika kukatenga makina ochapira.