Kamwezi Kamene Elifala Anafufuta

Elifala anali wochapa zovala pa mishoni ina m'mapiri a ku Dowa, masiku amene azungu anali owerengeka m'dziko muno. Anali munthu wa manja oyabwa. Akaona fumbi, ngakhale pa chinthu cha mwini, mtima sunkakhala pansi. Zaka zinayi anali m'kalasi la ubatizo, ndipo tsopano dzina lake linali litatchulidwa: Lasabata likubweralo abatizidwa. Mkazi wake Debora anabatizidwa kalekale, ndipo zimenezi zinkamudya mumtima bamboyu.

Mbusa wachizungu wa pamishonipo anali ndi galasi loonera nyenyezi, lalitali ngati musi, limene ankaliimika kuseri kwa nyumba dzuwa likalowa. Tsiku lina anamuitana Elifala kuti asuzumire. Anaona nyenyezi yaikulu yotchedwa Jupita, ndi timiyezi tinayi titandandalika pambali pake.

"Waona? Koma galasili usalikhudze," anatero mbusayo.

Lachinayi Elifala anaona fumbi pagalasipo. Anacheuka uku ndi uku, n'kupukuta ndi nsonga ya nsalu yake. Madzulo, mbusa ali pa chakudya, anasuzumira mwakabisira. Timiyezi tinali titatu.

Anatikita maso, nawerenganso: titatu basi. Anakutumula nsalu ija, anafufuza m'udzu ngati wataya mkanda, koma ayi ndithu. Mbuzi ya mwini ukaitaya umabweza mbuzi. Nanga mwezi?

"Ingokhalani chete, abambo a Faines," anatero Debora atamva. "Mzungu sanakuoneni."

"Mlandu suwola, mayi. Ndikaime pamaso pa mpingo nditafufuta mwezi wa Mulungu?"

Lachisanu lonse anagwira ntchito maganizo ali kwina, mpaka anapsereza malaya ndi simbi. Loweruka m'mawa anakagwada pakhonde n'kuulula zonse. Mbusa anaseka mpaka misozi.

"Kamweziko kanangobisala kuseri kwa nyenyezi. Kamatero nthawi zina."

Elifala anapumira m'mwamba, naseka nawo pang'ono. Kenaka mbusa anapukuta misozi.

"Koma ndinati usakhudze. Wosamvera sanakhwime m'chikhulupiriro. Udikira chaka china."

Lasabata anzake asanu ndi awiri anabatizidwa, iye akuonerera ali kumbuyo. Madzulo ake mbusa anamuitananso kuseri kwa nyumba kuti adzionere yekha. Timiyezi tinali tinayi, tonse tili bwinobwino. Elifala anasuzumira manja atawapinda kumbuyo, nati, "Zikomo, Bwana, ndaona."