Tinanenerera Matenda a Pikapu

Ntchito ya ku galaja ndinaipeza ndi pakamwa. Zipani zitangochuluka kumene, ine ndinkagulitsa nkhuku pa msika wa Migowi. Tsiku lina ndinagulitsa tambala wokalamba kwa a Nakhumwa, makaniko, nditalumbira kuti sanayambe n'kulira komwe. Atalephera kumutafuna anabwera nati, "Pakamwa pakopo pakungowonongeka ndi nkhuku. Bwera uzindilankhulira ndi makasitomala."

Ndinaphunzira kugwira sipanala ndi kumanga fanibeluti, koma luso langa linali lomwe lija, kunenerera.

Lachisanu lina abwana Nakhumwa atapita kumaliro kuseri kwa phiri la Michesi, kunabwera a Mwanyali ndi pikapu yawo yakale ikufuka nthunzi. Mawa lake inkayenera kunyamula mwana wawo wamkazi kupita kutchalitchi kukamangitsa ukwati, ndipo akuchimuna anali atayamba kale kuseka kuti mkwatibwi adzafika pa njinga.

"Ikumwa madzi ngati ng'ombe, komanso ikulira kutsogoloku," anatero.

Ndinatsegula boneti n'kupukusa mutu ngati dokotala. "Gasiketi yapsa, bambo."

"Gasiketi? Iwe, sindine mlendo kuno. Ndi chitsekero cha rediyeta basi."

"Kwezaniko pang'ono, bambo. Chitsekero sichilira."

"Nawenso tsikako."

Ine ndinatsikira pa rediyeta, iwo anakwera kufika pa fanibeluti, mpaka tinakumana pakati, pa paipi ya madzi. Tinagwirana chanza. Ndinachotsa paipi yabwinobwino n'kuikapo ina, pikapu inanyamuka. Sinafike ndi pachigayo pomwe. Inabwerera ikukankhidwa ndi a kwaya ya ukwati, a Mwanyali akunditukwana m'Chilomwe ndi m'Chichewa kuti pasatsale mawu.

Mwamwayi abwana anatulukira. Sanafunse munthu. Anadikira injini izizire, anathira madzi, n'kuiliza. Anatenga sikuludiraiva yaitali, nsonga pa pampu ya madzi, chogwirira pakhutu. "Bwera umve, wankhuku iwe." Ndinamva kukukuta ngati mano pa mchenga. Anazimitsa, anamasula lamba n'kugwedeza pule, kagudumu ka pampu kodutsapo lambayo, ndipo inkagwedera ngati dzino la nkhalamba. Pansi pa pampuyo pali kabowo, ndipo panali mzere wa dzimbiri, madzi akudontha.

"Bering'i yatha, pampu yafa," anatero.

"Pampu? Aaa, tsikaniko, a Nakhumwa," a Mwanyali anayesanso.

Abwana anawapatsa sikuludiraiva ija. "Nenererani ndi iyoyo."

Tinazula pampu pa pikapu ina yakufa ya kuseri kwa galaja, tinapala gasiketi yakale ya pampuyo, n'kumanga. Mkwatibwi anafika kutchalitchi ali kutsogolo, velo ili mbee. Ine ndinali kumbuyo nditakumbatira chigubu cha madzi, chifukwa a Mwanyali anati ikatenthanso ndidzamubereka ndine mwana wawoyo.

Mpaka lero ndimanenerera chilichonse, ngakhale bokosi la maliro. Koma galimoto ikabwera ikutentha, ndimayamba ndatseka pakamwa n'kuika khutu pa pampu. Injini siidziwa zokumana pakati.