Galu, Matabuleti ndi Chala cha Tiyamike

Usiku watha ndinalota maloto amene ndaona kuti n'koyenera ndikufotokozereni, inu aphunzitsi anzanga a pa gulu lino. Koma poyamba mudziwe chimene ndinagona nacho m'mutu. A hedi athu, Mayi Nambewe, akufuna yankho langa Lolemba likudzali: kaya ndipite kukaphunzira kaphunzitsidwe kogwiritsa ntchito matabuleti, kaya ndipereke Sitandade 4 yanga kwa mphunzitsi wachinyamata, ine ndikakhale woyang'anira chipinda cha mabuku.

Ndinalota ndili m'kalasi mwanga, nditavala jekete ya kutchalitchi, ndikuphunzitsa masamu ochotsera mobwereka. Mwana aliyense anali ndi tabuleti pamiyendo. Pa desiki ya kutsogolo panakhala galu. Sindinadabwe ayi, pakuti ndinamuzindikira: anali galu uja tinkamuwerenga ku koleji ya uphunzitsi, amene ankachucha dovu akangomva belu ngakhale nyama palibe. Anali atakalamba monga inenso, ndipo tinapatsana moni wa mutu mwaulemu.

Ndiye ndinatenga choko kuti ndilembe, koma bolodi linali litasanduka galasi, choko n'kumangoterereka. Ndinanyambita chala monga tichitira potsegula tsamba la buku, n'kukhudza galasilo. Manambala onse anathawira kumanzere ngati nkhuku zaona mphamba. Ndinawathamangitsa ndi dasitala, osagwira ndi imodzi yomwe.

Kenako ndinachita chimene ndimachidziwa bwino. Ndinafotokoza ndi pakamwa, mosathamanga, liwu lililonse pamalo pake. Nditatsiriza ndinafunsa kuti, "Mwamva, ana inu?"

"Inde, aphunzitsiii!"

Galu uja anachucha dovu. Nthawi yomweyo matabuleti onse anayaka mofiira, ndipo pa iliyonse panaoneka liwu limodzi lokha: SANAMVE. Kalembedwe kake kanali kolondola, zimene zinandipweteka kwambiri, pakuti ndinasowa pokonza. Ndinafotokozanso, ndinafunsanso, ana anavomeranso mokweza koposa poyamba, dovu mpaka kundifika m'akakolo.

Kenako kalasi yonse inali pamwamba pa denga, pakati pa magalasi a sola, ndipo Mayi Nambewe anatulukira atakwera kabaza, pamalata pomwepo. Anati, "A Chirwa, masiku ano mwana amamanga yekha nzeru zake monga mmisiri amangira nyumba. Inu ntchito yanu ndi kugwira makwerero." Anandipatsa makwerero enieni, a nsungwi. Atatero anandichotsa mawu pakhosi, anawapinda bwinobwino ngati mpango, anawaika m'kachikwama kawo, kabaza n'kunyamuka.

Ndiye ndinapezeka ndaima pambali pa Tiyamike, mtsikana amene m'kalasi mwanga amafuula "inde" kuposa onse, koma samu yobwereka sanaikhozepo. Tabuleti inam'patsa samu, pamodzi ndi mitolo ya timitengo yojambulidwa pagalasi. Anakoka timitengo, n'kulakwitsa. Tabuleti sinam'kalipire, inangom'bwezera timitengo take. Anayesanso, analakwitsanso. Ine ndili gwa ndi makwerero anga, yankho likundiotcha m'kamwa ngati mbatata yamoto, koma mawu ndilibe.

Kenako mwanayo anaupenyetsetsa mtolo umodzi wa timitengo khumi, n'kuumasula. Anzanga, chinthu chimene ndachifotokoza teremu yonse! Anawerenga ndi milomo, pang'onopang'ono. Pansi pagalasi panaoneka mayankho oti asankhepo. Chala chake chinanyamuka, chinazungulira pamwamba pa mayankhowo, chinaima, n'kuyamba kutsika. Ndinawakumbatira makwerero aja ndi mphamvu zanga zonse.

"Bambo a Mphatso, tasiyani neti, mung'amba!"

Anali mayi a kunyumba akundigwedeza, ine nditakoka neti ya udzudzu mpaka msomali kuzuka. Pamene chala chija chinagwera sindinapaone. Ndinatsinzina kuti ndibwerereko, tulo tinakana.

Tsono ndimasulireni, ndipo chonde lembani mawu athunthu, osati zidule za pa foni zija. Galu ndi makwerero munenepo monga mungathere, koma funso langa lalikulu ndi ili: kodi Tiyamike anakhoza kapena analakwa? Ngati anakhoza ine ndili chete, ndiye kuti pali chimene ndiyenera kukaphunzira, ndipo ndipita. Ngati analakwa, ndiye kuti akundifunabe, ndipo sindingamusiye. Nditawafotokozera zimenezi mayi a kunyumba, anangoseka, nati njira zanga ziwirizi palibe imene ikulowera kuchipinda cha mabuku. Kodi inunso mukuona choncho?