Elesi wa Nsinjiro ndi Nyimbo ya Mpongozi Wanga

Elesi amagulitsa nsinjiro pamsika wa Kapata. Timapemphera tchalitchi chimodzi, ngakhale iye amakhala kumbuyo, pafupi ndi khomo. Mwamuna wake anapita ku Mchinji kukagula nsalu ndipo anakwatira komweko. Elesi amati amayi oyandikana nawo anamuimbira nkhaniyo pamtondo chaka chathunthu, iye n'kumangovomera nyimbozo osamva. Kuyambira pamenepo salola nyimbo kumudutsa. Akazi a m'komboni ya Nabvutika amabwera kudzamufunsa tanthauzo la zimene amva, ena akunamizira kugula.

Ine ndinapita chifukwa cha Leticia, mkazi wa mwana wanga Boaz. Chimwalirire bambo ake a Boaz, banjali ndilo landisunga. Boaz amanyamula anthu panjinga yamoto, ndipo masiku ano foni yake amaigoneka chafufumimba. Tsiku lina Leticia akusinja mtedza ndinamva akuimba:

Chikondi chanu n'chizimalupsa,
ndinafulumira kubzala ine,
mbewu zanga zapsa m'nthaka.

Ndinayesa kupemphera, koma mawuwo ankangobwerera.

Elesi anamvetsera akupeta, osandiyang'ana.

"Amake Boaz, mvula yoyamba simukuidziwa? Imagwa kamodzi, wopusa abzala, dzuwa libwerera. Mwanayo akuti anakhulupirira msanga."

"Mwina ndi nyimbo chabe."

"Aa, inu! Munali kuti pamene ankaimba?"

"Pakhonde."

"Ndiye ankaimbira nkhuku? Mpongozi sangakuyang'aneni m'maso n'kunena kuti mwana wanu ndi kamberembere. Waika mawu mumtondo kuti muwatole."

Ndinafunsa ngati Leticia achoka. Elesi anaika lichero pansi.

"Mverani ndime yachiwiri. Akamadandaulabe za mbewu, alipo. Akatchula munda wina, yambani kuopa. Ndipo musathamangire kwa abusa. Nyimbo ya pamtondo imafuna wovomera."

Ndinabwerera wapansi. Ndinapeza Leticia akusinja, mdzukulu wanga ali kumsana. Ndinaima kuseri kwa nyumba ngati mlendo, n'kumumva akuimba:

Kwa amayi ku Tamanda dimba lilipo,
madzi ake saphwa.

Munsi wachiwiri unali utatsamira khoma. Sindinaimbepo pamtondo chiikire maliro a mwamuna wanga, koma ndinautenga. Leticia anadabwa, n'kundipatsa malo. Ndinavomera nyimboyo:

Usapite, mwanawe, ndamva.

Anasiya kusinja. "Amayi," anatero motsitsa, "chikwama ndalongedza kale. Mukalankhula ndi mwana wanuyo lero, ndidikira mpaka Lamlungu."