Msasa Wodikira Chilimwe

Ndinaganiza zochoka tsiku limene ndinabwerako ku Chanyanya, doko la asodzi la pamtsinje wa Kafue, ndi beseni lopanda kanthu. Asodzi anali atakhala pamabwato awo ngati pamaliro, nsomba kulibe, udzu wa m'madzi utaphimba mtsinje. Ine Esinati, mwana wa ku Katete wokulira mu Kafue, amuna anga anagona kalekale fakitale ya nsalu itatseka, ndiye ndikhale pakhomo kudikira mkamwini andigulire sopo? Iyayi. Mnzanga wa pamsika anati ku Mozambiki, kumpoto kwa Beira, kuli mudzi wa asodzi kumene akufuna amayi odziwa kung'amba nsomba ndi kuthira mchere. Ndinati manja awa anabadwira ntchito yomweyo. Ndinamanga chitenje, ndinakwera lole.

Mwana ndili naye mmodzi, Dailesi, wokwatiwa kwa ba Mwape, mnyamata wa Chibemba woyendetsa minibasi ya ku Lusaka, wopemphera mpaka malata kunjenjemera. Mimba yoyamba ya Dailesi inapita padera ine ndili kudambo kogula nsomba. Analira yekha mwana wanga, ndipo chimenecho chinandikhala pamtima ngati munga wa mlamba.

Kunyanja yamchere kuja ndinagwira ntchito, ee, ndinagwira! Kung'amba, kuthira mchere, kuyanika, kutembenuza. Mudziwo unali kumtunda pang'ono, nsomba amabwera nazo amuna m'madengu, ine kumadzi sindinkapitako, ndinkaopa phokoso lake. Malipiro anali ochepa, nthawi zina ankatipatsa nsomba zomwezo. Chimene ndapeza ndinkatumiza kwa Dailesi kudzera kwa madalaivala a malole. Anthu akumeneko ndi Asena, chilankhulo chawo chili ngati chathu chovala malaya a eni. Pothokoza amati takhuta. Tsiku loyamba ndinapatsa mayi wina chinangwa, asanalume n'komwe akuti takhuta. Ndinati bwezani ndidye ndekha! Tinaseka, koma madzulo kuseka kunkatha, aliyense kunyumba kwake, ine ndi foni yanga basi. Kulemba ndimalemba mokwawa, tsono ndinkangoyimbira Dailesi mawu, iye n'kundibwezera mawu.

Tsiku lina mawu ake anabwera. "Mami, nili na mimba futi. Niyopa. Osanisiya neka monga paja."

Ndinamuyankha kuti tsiku lobereka msana wako udzatsamira pachifuwa panga, ndalumbira pa manda a atate ako.

Ndinati ndigwire miyezi ingapo ndipezeko ya matewera. Nditatsala pang'ono kunyamuka, kunabwera chimphepo. Anthuni, ku Kafue mphepo imangosasula malata a chimbudzi. Iyi inanyamula mudzi. Mathandala a nsomba, mabwato, nyumba, zonse psiti. Tinapulumukira pa chulu chachikulu titagwirana m'chiuno. Foni inamwa madzi amchere n'kufa, ndipo manambala onse anafera momwemo, chifukwa m'mutu mwanga munalibe ngakhale imodzi. Msewu wa kumtunda unasanduka dziwe. Asodzi anati tidikire, thandizo lidzabwera. Ine ndinapinda zala kuwerenga miyezi ya Dailesi, zala zinakwana. Ndinafunsa kuti Beira ali kuti. Anati tsatani mchenga, nyanja ikhale kumanzere, koma n'kutali, agogo, simungafike. Ndinati miyendoyi siyanu.

Yenda mwendo, yenda, Dailesi akudikira. Ndiyo nyimbo ndinaipeka, ndiyo inandinyamula. Pamutu kamtolo ka nsomba zouma ndi chigubu cha madzi amvula. Patapata anaduka tsiku lomwelo, ndinamuponyera nkhanu. Mchenga wouma umatentha ndi kumeza phazi, wonyowa ndiye msewu wa tala, ndinaphunzira msanga. Mitengo ya kokonati inali itagona chagada m'njira monse. Ndikapeza anthu akumanganso nyumba, ndinkasinthanitsa nsomba ndi madzi akumwa, n'kugona pakhonde pawo ngati khonde lilipo.

Kenako ndinafika pamtsinje wothira m'nyanja. Wodzaza thothotho, tsidya lake kuoneka ngati ulusi, bwato palibe. Ine ndine mwana wa Kafue, madzi ndimawadziwa. Akadzaza m'dambo nthawi ya mvula, amaphwa chilimwe, palibenso nkhani. Ndinakhala pansi, ndinalira pang'ono, kenako ndinati kulira sikuphwetsa mtsinje. Ndinayamba kutola mitengo ndi makwaule a kokonati kumanga msasa, kuti ndikhale pompo kudikira bwato kapena chilimwe, chimene chiyambe kufika.

Ndili pakati pomanga, kunatulukira mayi wamtali wosenza poto ndi mphasa, dzina lake Luiza, nayenso wopita ku Beira kukafuna ana ake. Anaima n'kundiyang'ana.

"Mukumanga chiyani, mama?"

"Nyumba. Ndikudikira madziwa aphwe."

"Aphwe liti?"

"Mwina chilimwe chikafika."

Mayi uja anatula poto, anakhala pansi, anaseka mpaka kutsokomola. "Mama, madziwa apita masana ano! Ikani nyumba yanu pa lendi."

Ndinati uyu chimphepo chinamuzunguza mutu. Koma dzuwa litafika pamutu, ndinaona mtsinje ukubwerera m'mbuyo ngati mpongozi wamanyazi. Matope poyera, nkhanu balalabalala. Ndinaimba nthungululu ine! Luiza anandikoka dzanja. "Osavina, thamangani. Awa ndi madzi a nyanja, amapita n'kubweranso tsiku lililonse, ndipo pobwera sapereka moni." Tinawoloka matope ofika m'ntchafu, zigoba zikucheka mapazi, ndipo tisanapume bwino tsidya linalo, pamene tinaponda panali patamira kale.

Kuyambira apo tinayenda awiri, ndipo wotilamula anali madzi. Akapita, ife liwiro. Akabwera, ife pansi pa mtengo, kuchotsana minga kumapazi. Mitsinje yotero inali yambiri, ina yakuya yofuna bwato, ndipo kamtolo ka nsomba kanathera kwa opalasa. Mwezi ndinausiya ngati chikhadabo ponyamuka, unakula ndili m'njira, unayambanso kudyeka ndisanaone nyumba za Beira. Miyendo inatupa ngati mitondo. Mpaka lero chala chachikulu cha phazi lakumanja chilibe chikhadabo, ndimachionetsa kwa aliyense wotsutsa.

Ku Beira ndinasiyana ndi Luiza pamphambano, anandipatsa theka la mphasa yake, ndinati takhuta, ndipo m'mimba munalibe kanthu. Kudoko malole anali ataima mzere, msewu wa kumtunda utaduka. Ndinaphikira madalaivala mpaka unatseguka, ndipo mmodzi wa ku Kabwe anandikweza pamwamba pa matumba a feteleza, kudzera ku Chirundu.

Ndinatsika mu Kafue dzuwa lili phwee. Woyamba kundiona anali mayi wogulitsa tomato pasiteshoni, atavala chitenje changa cha Chigwirizano cha amayi a kutchalitchi. Anakuwa, anasiya tomato, anathawa. Pamenepo ndinadziwa kuti kwathu ndinafa. Anamva pawailesi za mudzi wathu uja, anadikira, anakhala maliro opanda bokosi, anagawana zovala.

Ku Estates, kunyumba kwa Dailesi, ndinapeza ba Mwape akutsuka minibasi. Anagwetsa ndowa, anakweza dzanja. "Mu dzina la Yesu, bwelela kwamene wachoka!"

"Ba Mwape, kumene ndachoka n'kutali, sindibwererako. Mukuti ndine mzukwa, chipuku chimatupa mapazi? Dailesi ali kuti?"

Dailesi anatuluka yekha, woonda, wamoyo, ndi kanthu m'manja kokulunga mushawelo. Sanathawe mwana wanga. Anandigwira kumaso, anandinunkhiza. "Ni ba mami, banunkha nsomba!" Tinagwa pansi tonse atatu. Amayi oyandikana nawo anabwera ndi ufa kundithira kumutu, ndinayera ngati chigayo.

Ndinachedwa, ndisaname. Mwana anabadwa ine ndili pakati pa matope. Msana wa Dailesi unatsamira amayi a kutchalitchi kwa ba Mwape, omwe aja ndinkawanena kuti amangodziwa kufuula. Ndiwo anamuperekeza kuchipatala, ndiwo anamuthowa ndi madzi otentha, ndiwo anasunga mwana mpaka mchombo kugwa. Ndinawagwadira mmodzimmodzi, ufa uli m'maso.

Nditafunsa dzina la mwana, onse anayang'ana pansi. Ba Mwape anakanda m'mutu. "Ba mayo, kwathu dzina ya munthu akamwalila timapasa mwana, kuti isasobe pa nyumba. Manje ni Esinati. Koma tizachinja, pakuti muli moyo."

Ndinati musayerekeze. Munandilira, munandigawa, koma simunafune kuti pakhomo pano papite tsiku osatchula Esinati. Dzinalo likhale pomwepo.

Tsono lero m'nyumba muno tilimo awiri. Akaitana Esinati timayankha tonse, wina ndi mawu, wina ndi kulira. Ndipo Dailesi, mwana amene ndinamubereka ndekha, Kafue yense akumuitana amake Esinati. M'mawa ndimakhala pakhonde, mapazi m'beseni la madzi ofunda, n'kukuwa kuti amayi, mwana wanu wamkulu sanamwe tiyi!