Malisiti a kuchigayo

Amuna anga atamwalira anandisiyira chigayo pa Mitundu, koma za msonkho sanandiuzepo kanthu. Mvula itatha ndinaitanidwa ku ofesi ya msonkho ku Lilongwe, kumene mayi wina anandiuza mwaulemu kuti kwa zaka zingapo chigayocho sichinapereke mapepala ake. Anandifunsa malisiti.

Malisitiwo ankakhala m'katoni pansi pa bedi. Tsiku la maliro, adzukulu okumba manda anapempha mapepala opichirira fodya, ndipo mlamu wanga, yemwe sadziwa kuwerenga, anawapatsa katoni yonse. Ndinapsa mtima nditamva, koma ndikanati chiyani? Adzukulu samanidwa kanthu.

"Ndiye mungokumbukira, mayi," anatero wa ku ofesiyo. "Chaka ndi chaka, chigayo chinkayenda bwanji?"

Ndinayesa. Chaka chimene amuna anga anayamba kutsokomola tinkatsegula tsiku lililonse. Chotsatira tinkatseka masiku opita kuchipatala. Chomaliza, chigayo chinkalira pokhapokha akadzuka bwino. Mayiyo ankalemba manambala, ine ndikufotokoza matenda.

Pobwerera, m'minibasi, ndinakumbukira kuti m'nyumba mwanga simunatsale pepala ngakhale limodzi lolembedwa ndi dzanja la amuna anga. Onse anawasuta kumanda.